Kupezeka kwa Ceres ndi Mbiri ya Dzina Lake

1. Mawu Oyamba

Mwa ntchito zonse zimene anthu okonza chiyankhulo amagwira, imene imautsa mikangano kawirikawiri ndi yopereka maina kwa zinthu zachilendo. Pagona mkangano ndi pa funso lakuti mwini dzina ndani: kodi ndi munthu amene wayamba kuchiona chinthucho, mfumu ya dziko lake, bungwe loikidwa ndi lamulo, kapena anthu amene azidzalitchula dzinalo tsiku ndi tsiku? M'nkhani ino tifuna kuliunika funsoli potsata mbiri ya Ceres, woyamba kupezeka mwa miyala yambirimbiri imene imazungulira dzuwa pakati pa mapulaneti a Mars ndi Jupiter. Tasankha mbiri imeneyi chifukwa chakuti masiku ake, anthu ake ndi makalata amene adalemberana zidasungidwa bwino, kotero kuti tingathe kuona poyera m'mene dzina limabadwira, m'mene limapikisanirana ndi maina anzake, ndiponso chimene chimalikhazikitsa pomaliza.

Popeza olemba Chichewa amaitchula miyala imeneyi mosiyanasiyana, ife pano tiziti kapulaneti kakakhala kamodzi, ndi timapulaneti tikachuluka. Chifukwa chimene tasankhira mawuwa tidzachifotokoza kumapeto.

2. Mpata wa Pakati pa Mars ndi Jupiter

M'chaka cha 1766 Mjeremani wina, Johann Daniel Titius, adaona kuti mitunda ya mapulaneti kuchokera ku dzuwa imaoneka ngati ikutsata ndondomeko ya manambala. Tikatenga mtunda wa pakati pa dziko lapansi ndi dzuwa, umene uli makilomita pafupifupi 150 miliyoni, n'kuuyesa muyeso umodzi, ndondomekoyo imapereka manambala awa: 0.4, 0.7, 1.0, 1.6, 2.8, 5.2 ndi 10.0. Manambala asanu ndi imodzi adali ndi eni ake, ndiwo Mercury, Venus, dziko lapansi, Mars, Jupiter ndi Saturn, koma pa 2.8 padali popanda kanthu. Johann Elert Bode, amene pambuyo pake adakhala mkulu wa nyumba yoonera nyenyezi ya ku Berlin, adaifalitsa ndondomekoyi m'chaka cha 1772. Tsono William Herschel atapeza Uranus m'chaka cha 1781, pa mtunda wa 19.2 pamene ndondomekoyo idaneneratu 19.6, akatswiri ambiri adakhulupirira kuti pa 2.8 payenera kukhala pulaneti yobisika.

Lero tikudziwa kuti ndondomekoyi si lamulo la chilengedwe, pakuti Neptune, imene idapezeka m'chaka cha 1846, ili pa mtunda wa 30 pamene ndondomekoyo imati 38.8. Komabe m'masiku amenewo chikhulupirirocho chidali champhamvu. M'mwezi wa Seputembala 1800 akatswiri ochepa adakumana ku Lilienthal, pafupi ndi mzinda wa Bremen, ndipo motsogozedwa ndi Franz Xaver von Zach wa ku Gotha adagwirizana zogawa mbali ya thambo imene mapulaneti amadutsamo m'zigawo 24, kuti katswiri aliyense azilondera chigawo chake. Pulanetiyo tsono idali ndi malo ake ndiponso alenje ake, yokhayo ndiyo idali isanaoneke.

3. Usiku wa ku Palermo

Amene adachiona chinthucho sadali pa ulenje umenewu. Giuseppe Piazzi adali wansembe wa Katolika wa chipani cha Theatine, ndiponso mkulu wa nyumba yoonera nyenyezi ya ku Palermo, pa chilumba cha Sicily. Ntchito imene adali nayo idali yolemba kaundula wa nyenyezi, pogwiritsa ntchito makina oyezera malo a nyenyezi amene Jesse Ramsden adamupangira ku London. Usiku wa pa 1 Januwale 1801, akuyeza nyenyezi za m'gulu lotchedwa Taurus, adalemba malo a kanyenyezi kena kosawala kwambiri. Mawa lake adapeza kuti kasuntha pang'ono, ndipo poyamba adaganiza kuti walakwitsa poyeza. Atakayezanso usiku wachitatu ndi wachinayi, adatsimikiza kuti kakuyendadi.

Pa 24 Januwale adalembera makalata Bode ndi Barnaba Oriani wa ku Milan. Poyera adalengeza kuti wapeza nyenyezi ya mchira, koma kwa Oriani, yemwe adali bwenzi lake, adaulula kuti akukayika, popeza chinthucho chidalibe mchira kapena nkhungu yochizinga ndipo chidali kuyenda pang'onopang'ono mosasintha. Apa tikuona chiyambi cha vuto limene lidatenga zaka zoposa 200: chinthu chidaoneka, koma mawu a mitundu amene adalipo, akuti nyenyezi, pulaneti ndi nyenyezi ya mchira, padalibe amene adachikwana bwino. Piazzi adachiyeza kokwana maulendo 24 mpaka pa 11 Febuluwale, pamene matenda adamuimitsa. Pofika nthawi imene akatswiri ena adalandira miyeso yake, chinthucho chidali chitayandikira kumbali ya dzuwa, kumene kuwala kudachibisa.

4. Kusowa ndi Kupezekanso

Miyeso yonse ya Piazzi idasindikizidwa m'mwezi wa Seputembala 1801 m'magazini ya Monatliche Correspondenz, imene von Zach ankakonza. Vuto lidali lakuti m'masiku pafupifupi 41 chinthucho chidangosuntha madigiri atatu okha pa thambo, ndipo njira zowerengera zimene zidalipo sizidathe kutulutsa ulendo wonse wozungulira dzuwa kuchokera pa kachidutswa kochepa chotere. Amene adamasula mfundoyi adali mnyamata wa zaka 24 wa ku Braunschweig, Carl Friedrich Gauss. Iye adakonza njira yatsopano yowerengera, yosayamba yaganizira kuti ulendowo ndi wozungulira ndendende, ndipo adaneneratu malo amene chinthucho chidzaonekere. M'masiku otsiriza a 1801 ndi oyamba a 1802, von Zach ku Gotha ndi Heinrich Olbers ku Bremen adachipeza pafupi kwambiri ndi pamene Gauss adanena. Njira yowerengerayo Gauss adaifotokoza mokwanira m'buku limene adatulutsa m'chaka cha 1809.

Malinga ndi miyeso ya masiku ano, Ceres amazungulira dzuwa pa mtunda wa 2.77, ndiwo makilomita pafupifupi 414 miliyoni, ndipo ulendo umodzi umamutengera zaka 4.6. Njira yake ndi yopendekeka madigiri pafupifupi 10.6 poyerekeza ndi njira ya dziko lapansi. M'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 940, ndipo amatembenuka kamodzi pa maola asanu ndi anayi. Kulemera kwake kumaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa timapulaneti tonse ta m'chigawocho. Olbers adaganiza kuti timapulaneti ndi zibenthu za pulaneti imene idasweka, koma akatswiri a lero amati ndi zotsalira zimene sizidathe kuumbana n'kukhala pulaneti chifukwa cha mphamvu yokoka ya Jupiter.

Kwa wophunzira chiyankhulo, ntchito ya Gauss ili ndi tanthauzo lapadera. Kadontho kowala kumwamba kalibe nkhope yoti n'kukazindikira nayo. Chimene chimatsimikiza kuti kamene taona lero ndi komwe tidaona chaka chatha ndi njira yake basi. Njira ikakhala yosadziwika, chinthu chimodzi chimatha kulandira maina awiri. Agiriki akale adali ndi maina awiri a Venus, akuti Phosphoros ya m'mawa ndi Hesperos ya madzulo, ndipo m'nthano za Amang'anja mwezi uli ndi akazi awiri, Chekechani ndi Puikani, amenenso ali Venus yemweyo. Kwathu kuno mwana sapatsidwa dzina tsiku lobadwa. Amayamba wakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Chaka cha 1801 chidali chikuta cha Ceres, ndipo monga tione tsopano, maina amene adaperekedwa mwanayo asanatuluke sadakhalitse.

5. Mkangano wa Dzina

Piazzi adasankha dzina la mawu awiri, limene m'Chitaliyana chake adalilemba kuti Cerere Ferdinandea. Ceres adali mulungu wamkazi wa mbewu ndi zokolola wa Aroma, amene kuyambira kale ankayesedwa mtetezi wa Sicily. Ferdinandea lidali lolemekeza mfumu Ferdinand ya Naples ndi Sicily, imene idathandiza kumanga nyumba yoonera nyenyezi ya ku Palermo. Koma pamene chinthucho chidali chosowa, ku Germany kudayamba kumveka maina ena: von Zach ankati Hera, pamene Bode ankati Juno. Piazzi adakwiya nazo, naumirira kuti ufulu wotcha dzina ndi wa wopeza.

Chinthucho chitapezekanso, mkanganowo udatha mwa njira yoti aliyense adapambana pang'ono ndi kugonja pang'ono. Akatswiri a ku Germany adasiya maina awo navomera Ceres, motero ufulu wa wopeza udalemekezedwa. Koma gawo lachiwiri la dzinalo, la mfumu, maiko ena sadalilandire, ndipo lidafa lokha popanda bungwe kapena msonkhano woliletsa. Anthu adangoleka kulilemba. Zomwezi zidachitikira Herschel, amene pulaneti yake adaitcha Georgium Sidus polemekeza mfumu George III ya ku Britain: kunja kwa dzikolo dzinali silidayende, ndipo lakuti Uranus, limene Bode adapereka, ndilo lidakhazikika, ngakhale kuti buku la boma la Britain lothandiza oyendetsa zombo lidalandira dzinali m'chaka cha 1850 chokha. Dzina lonyamula ulemu wa mfumu ya dziko limodzi lidalephera kuoloka malire, pamene dzina lotengedwa m'nthano zimene ophunzira onse a ku Ulaya ankazidziwa lidaoloka mosavuta.

Litakhazikika, dzinalo lidayamba kubala. Chitsulo chimene chidapezeka m'chaka cha 1803 chidatchedwa cerium polemekeza Ceres. Ziyankhulo zina zidalilandira m'njira zosiyana: zambiri zidangolibwereka n'kulitchula monga mwa kamvekedwe kawo, Chigiriki chidaikapo dzina la mulungu wake wa zokolola, Dimitra, ndipo Chitchaina chidamasulira tanthauzo, n'kupanga dzina lotanthauza kuti nyenyezi ya mulungu wa mbewu. Njira zitatuzi, kubwereka, kulowetsapo chakwanu ndi kumasulira, ndi zomwezo zimene okonza mawu a Chichewa amasankhapo nthawi zonse.

6. Dzina la Mtundu

Dzina lakelake la Ceres lidakhazikika m'chaka chimodzi, koma dzina la mtundu wake lidavuta koposa. Pa 28 Malichi 1802 Olbers adapeza chinthu chachiwiri, Pallas, pa mtunda pafupifupi womwewo. Herschel adaziyang'ana zonse ziwiri m'makina ake akuluakulu, naona kuti zikungooneka ngati timadontho monga nyenyezi, pamene mapulaneti amaoneka obulungira. M'mwezi wa Meyi 1802 adapempha bungwe la Royal Society ku London kuti zinthuzi zizitchedwa asteroid, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza chooneka ngati nyenyezi. Kafukufuku wa Clifford Cunningham, amene adalengezedwa m'chaka cha 2013, adasonyeza kuti amene adapeka mawuwa adali Charles Burney wamng'ono, katswiri wa Chigiriki. Ndiye kuti katswiri wa zakumwamba atasowa mawu adapita kukapempha kwa katswiri wa chiyankhulo.

Mawuwa adafotokoza maonekedwe a chinthucho m'makina a nthawi imeneyo, koma za chikhalidwe chake adasocheretsa, pakuti nyenyezi imawala yokha pamene Ceres ndi mwala wongobweza kuwala kwa dzuwa. Piazzi sadakondwe nawo, ndipo kwa zaka pafupifupi 50 mabuku ambiri adapitiriza kuwerengera Ceres, Pallas, Juno amene Karl Harding adapeza mu 1804, ndi Vesta amene Olbers adapeza mu 1807, pamodzi ndi mapulaneti. Chimene chidasintha zinthu ndi kuchuluka. Pa 8 Disembala 1845 Karl Ludwig Hencke, yemwe kale ankagwira ntchito ya mtengatenga wa makalata, adapeza Astraea atafunafuna zaka 15; paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira 1847 timapulaneti tidayamba kupezeka chaka ndi chaka, ndipo kudakhala kosatheka kutitcha tonse mapulaneti. Pamenepo mawu akuti asteroid, pamodzi ndi ena otanthauza pulaneti yaing'ono, adayamba kugwira ntchito.

Nkhaniyi idabukanso m'chaka cha 2006. Pa 24 Ogasiti chaka chimenecho bungwe la International Astronomical Union, limene lidakhazikitsidwa mu 1919, pa msonkhano wake wa ku Prague lidapanga mtundu watsopano wa mapulaneti achimfupi, n'kuikamo Ceres pamodzi ndi Pluto, chifukwa Ceres ndi wolemera mokwanira kuti mphamvu yake yokoka imuumbe kukhala wobulungira. Motero chinthu chimodzi chatchedwapo nyenyezi ya mchira, pulaneti, asteroid ndi pulaneti yachimfupi, koma dzina lakuti Ceres silidasinthe ngakhale kamodzi kuyambira 1802.

7. Maina Atachuluka

Poyamba kapulaneti kalikonse kadali ndi chizindikiro chake chojambula; cha Ceres chidali chikwakwa chokololera. Zizindikirozo zitachuluka zidavuta kuzikumbukira ndi kuzisindikiza, ndipo m'chaka cha 1851 Johann Franz Encke wa ku Berlin adayamba kugwiritsa ntchito manambala m'malo mwake. Ndicho chifukwa chake lero timalemba 1 Ceres, 2 Pallas, 3 Juno ndi 4 Vesta. Mwambo wotcha maina a milungu yaikazi nawo udayamba kusweka. M'chaka cha 1850 John Russell Hind wa ku London adatcha kapulaneti kake Victoria, ndipo akatswiri ena a ku America adakana, ponena kuti akulemekeza mfumukazi yamoyo. Dzinalo lidapulumuka chifukwa Victoria lidalinso dzina la mulungu wamkazi wa chipambano wa Aroma. Mu 1852 kudabwera Massalia, dzina lakale la mzinda wa Marseille, loyamba losachokera m'nthano za milungu.

Chimene chidatsala pa mwambowo ndi kaumbidwe ka mawu. Maina a amuna ankawonjezeredwa mchira wa Chilatini wa -a kapena -ia kuti amveke achikazi, kotero kuti timapulaneti tisanu topezeka mu 1923 tidatchedwa 998 Bodea, 999 Zachia, 1000 Piazzia, 1001 Gaussia ndi 1002 Olbersia, kukumbukira anthu amene tawatchula m'nkhani ino. Apa ndi pamene maina a ku Africa adalowera. Cyril Jackson, amene ankagwira ntchito ku Union Observatory ku Johannesburg, adapeza timapulaneti toposa 70, ndipo tambiri adatitcha maina a kuno. Pa 28 Epulo 1932 adapeza 1242 Zambesia, kapulaneti ka m'chigawo chomwecho cha Ceres, kotchedwa ndi dzina la dera la mtsinje wa Zambezi lokhala ndi mchira wa Chilatini uja. Ena monga 1246 Chaka, 1357 Khama ndi 1428 Mombasa adalowa osasinthidwa, popeza amathera kale ndi -a. Mu 1938 adapeza 1468 Zomba, kotchedwa ndi dzina la likulu la Nyasaland la nthawiyo. Koma aka njira yake imatuluka m'chigawo chija n'kufika m'dera limene Mars amayendamo.

Kufulumira kutcha maina kudali ndi mavuto ake. Kapulaneti ka 719 Albert kadapezeka mu 1911, kadapatsidwa nambala ndi dzina, kenaka kadasowa mpaka chaka cha 2000; kwa zaka 89 dzinalo lidali m'mabuku popanda wodziwa kumene mwini wake ali. Dongosolo la masiku ano lili ndi makwerero atatu. Chinthu chikangooneka chimapatsidwa chizindikiro chongoyembekezera: cha Zambesia chidali 1932 HL, pamene H akuimira theka lachiwiri la Epulo ndipo L akuimira chinthu cha nambala 11 m'masiku amenewo. Njira yake ikatsimikizika chimalandira nambala yokhazikika. Pamenepo wopeza amakhala ndi zaka khumi zoti apereke dzina, limene komiti ya International Astronomical Union imaliunika. Dzinalo lisapitirire zilembo 16, likhale lotchulika m'chiyankhulo china chilichonse, lisakhale lonyoza kapena lofanana kwambiri ndi lina, ndipo la munthu wotchuka pa ndale kapena pa nkhondo liyembekezere zaka 100 mwini wake atamwalira. Lamulo lotsirizali ndi nkhani ya Ferdinandea yolembedwa ngati lamulo. Mwa timapulaneti toposa miliyoni imodzi todziwika, tamaina ndi tochepa kwambiri. Tambiri timadziwika ndi manambala kapena zizindikiro zokha.

Chombo cha Dawn chitafika pa Ceres m'mwezi wa Malichi 2015 n'kumuzungulira mpaka 2018, padafunika maina enanso a zigwa zimene chidajambula. Bungwe lija lidasankha maina a milungu ndi mizimu ya ulimi ya mitundu yosiyanasiyana ya anthu, ndipo pakati pa mainawo pali Chaminuka wa Ashona ndi Mlezi, mawu amene Mchewa aliyense angawazindikire.

8. Mawu Otsiriza

Tibwerere ku funso lathu loyamba. Mbiri ya Ceres ikusonyeza kuti wopeza ali ndi ufulu wopereka dzina, koma amene amalikhazikitsa ndi olemba ndi oyankhula. Piazzi adapereka mawu awiri, iwo adasunga amodzi. Bungwe lidabwera patapita zaka zoposa 100, ndipo malamulo ake ambiri adangotsimikiza zimene zidaoneka kale kuti zimayenda. Sitikunena kuti lamulo lilibe mphamvu: m'chaka cha 1968 chiyankhulo chathu chomwechi chidasinthidwa dzina m'Malawi kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa, ndipo dzinalo lidagwira. Koma lidagwira mpaka pamene pamalekezera mphamvu ya boma limene lidalamula, pakuti ku Zambia ndi ku Mozambique dzina lakale lidapitirira.

Mbiriyi ikutiphunzitsanso kusiyanitsa dzina lakelake la chinthu ndi dzina la mtundu wake. Loyamba limangoloza, ndipo lingathe kukhala zaka mazana osasintha. N'chifukwa chake sitiona chifukwa chomasulira Ceres kapena Vesta m'mabuku a sukulu. Lachiwiri limanyamula chiphunzitso, ndipo likalakwika limasocheretsa ana. Amene amayankhula Chingerezi adalandira mawu akuti asteroid ngati cholowa, ndipo kulakwa kwake kumabisika chifukwa ambiri sadziwa Chigiriki. Ife tikati timasulire mawuwo monga alili n'kumati kanyenyezi, kulakwako kudzaonekera poyera, ndipo mwana adzaganiza kuti Ceres amawala yekha. Chichewa chili ndi chida chimene Herschel adalibe, ndicho magulu a maina a ka- ndi ti-, amene amachepetsa chinthu popanda kuwonjezera mawu ena. Kapulaneti ndi timapulaneti akunena zoona zokhazokha: chinthu chaching'ono chozungulira dzuwa monga mapulaneti achitira. Tawapereka mawuwa monga Piazzi adaperekera ake, ndipo aphunzitsi, olemba mabuku ndi owulutsa mawu pa wailesi ndiwo adzaonetse ngati ali oyenera kusungidwa.